Limba wafika yekha pageti

Tangofika kumene kuchokera ku Lilongwe, miyendo yatupa, koma sindigona ndisanalembe. A dokotala a ziweto amupima galu wanga wamkazi Limba lero ndipo ati shuga wakhazikika, sikelo yakwera, tizipitiriza momwe tikuchitiramu. Titatsika pa Kamuzu Road ndinamufungatira pa kabaza, ndipo titafika pa mtengo wa mango wa pakona paja ndinamutsitsa n'kumasula chingwe. Ananunkhiza pansi, anatsata mpanda wa udzu uja mpaka kukaima pageti akugwedeza mchira. Galu wosaona ameneyo. Ine ndinangokhala pansi pamchenga n'kuyamba kulira, wakabaza kuda nkhawa kuti mwina wandipweteka.

Ambiri nkhaniyi mukuidziwa. Mu Okutobala anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, ine n'kumati ndi dzuwa la Salima, ndani samva ludzu mwezi umenewo. Kudya ankadya kuposa kale koma nthiti zikuwerengeka. Pamene wakodza pankaunjikana nyerere, ndipo ndinkangosesapo osaganiza kanthu. Kenako m'masiku ochepa chabe maso onse awiri anachita mbuu ngati athiridwa mkaka. Anagunda mtondo, anagunda ndowa, anagwera m'dzenje la zinyalala n'kumalira momwemo ngati kamwana.

Apo ndiye anabwera odziwa zonse. Ena ati ndi chiwewe, mupheni asanalume ana, pomwe khadi lake la katemera lili m'kabati ndipo sanaphonyepo chaka. Ena ati zachita kutumizidwa. Achibale ena amene ali ndi galimoto, inu mukudzidziwa, foni yanu inaitana kasanu usiku umenewo, ndipo yankho linabwera patapita masiku awiri lakuti "galu ndi galu, pezani wina." Zaka 8 wakhala akulondera khola lomwe muli mbuzi zanunso zitatu zija, fisi sanatengepo ndi imodzi yomwe. Sindinena zambiri, lero ndi tsiku losangalala.

Amene anabwera osaitanidwa ndi amayi a kuseri kwathu, anamwino opuma aja. Anaima patali pang'ono, chifukwa iwo ndi Msilamu ndipo galu samugwira wamba, anayang'ana nyerere zija n'kunena kuti, "Mwana wanga, chiwewe sichiitana nyerere. Uyu ali ndi matenda anga." Iwo akhala ndi shuga zaka zambiri. Anapita kukatenga kamakina kawo koyezera, anavala magolovesi, ine ndinagwira mutu, anaboola kunsonga kwa khutu. Nambala imene inatuluka anangoti, "Mawa mulawire ku Lilongwe."

Minibasi ziwiri zinatikana. Zikomo achimwene a pikapu yonyamula usipa amene munatikweza kumbuyo pakati pa madengu, makilomita pafupifupi 100 osalandira kobiri. Dzina lanu sindinafunse n'komwe, mutu sunali kugwira. Limba ananunkha usipa sabata yathunthu ndipo ndikhulupirira kuti ulendo umenewo anaukonda kuposa ine.

Ku Lilongwe a dokotala anandikhazika pansi n'kundifotokozera mpaka ndinamva. Galu wamkazi akamaliza nyengo yofuna amuna, kaya watenga bere kaya ayi, m'thupi mwake mumakhala homoni yotchedwa progesterone kwa miyezi pafupifupi iwiri, ndipo imeneyi imalimbana ndi insulin, amene amachokera ku kapamba n'kumalowetsa shuga m'minofu. Shuga akachuluka m'magazi amalowa m'kagalasi ka m'diso, amasanduka chinthu china chokoka madzi, kagalasiko n'kutupa n'kuyera. Ndiyo ng'ala imeneyo, ndipo kwa agalu a shuga imabwera mwaliwiro kuposa kwa anthu. Anati kumuchotsa chiberekero ndi mazira omwe n'kofunika, apo ayi nyengo iliyonse ikadzabwera shuga adzalusanso. Za opaleshoni ya maso anati akatswiri ake ali ku South Africa. Ndinaseka, iwonso anaseka, tinaisiya pomwepo. A dokotala, zikomo poyankha mafoni anga ngakhale Lamlungu, ena a mafunso opanda mutu.

Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, zanga osati za eni ake. Amayi anzanga a banki m'khonde munandibwereketsa osandifunsa mafunso ambiri, ngakhale ndinaona ena akubisa kuseka m'chitenje nditati ndalamayo ndi ya galu. Ndabweza theka, inayo ndimaliza ndikagulitsa mpunga.

Koma kubwera ndi kabotolo ka insulin kunyumba n'kosavuta. Kubaya ndiye nkhani. Kawiri pa tsiku, 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, atangodya, tsiku lililonse mpaka moyo wake wonse. Manja anga ankanjenjemera moti singano yoyamba ndinaipinda. Amayi aja anabweretsa lalanje, ati phunzirira apa. Ndinabaya lalanje masiku atatu iwo akubaya Limba, akundionetsa kutsina chikopa cha pafupi ndi phewa kuti chikhale ngati kahema, kenako kulowetsa singano pansi pake. Akangochoka pa swala ya m'bandakucha ndimamva patapata wawo kuseri kwa mpanda. Insulin safuna kutentha, ine firiji ndilibe, ndiye kabotolo ka Limba kamagona m'firiji yawo ya sola pambali pa kawo. Anakamangirira ulusi wofiira kuti tisasokoneze.

Kawiri konse amayi amenewa anapulumutsa moyo wa galuyu m'manja mwanga momwe. Koyamba ndi pamene insulin wa agalu anatha, a dokotala n'kutiuza pafoni kuti tigwiritse wa anthu pa mlingo umene anatchula. Ine osadziwa ndinatenga masirinji akale aja. Anandigwira dzanja singano itatsala pang'ono kulowa: "Werenga pabotolopo." Wa agalu uja amakhala ndi mayunitsi 40 pa mililita imodzi, wa anthu 100, ndipo aliyense ali ndi sirinji yake. Ndikanamubaya mankhwala ochuluka kawiri ndi theka. Mpaka pano ndikakumbukira m'mimba mumazizira.

Kachiwiri ndi usiku wa mvula uja wa mu Januwale. Limba anangonyambita chakudya n'kuchisiya, ine chifukwa choopa kuphonya nthawi ndinamubayabe. Cha m'ma 10 koloko anayamba kudzandira, kenako kugwa, kunjenjemera thupi lonse. Ndinakuwa. Anabwera ndi tochi ndi kabotolo ka uchi, magolovesi anaiwala. Sanabwerere. Anaviika chala mu uchi n'kupaka m'nkhama za galu wanga, kupaka, kupakanso, malovu akuyenderera m'dzanja lawo, mpaka Limba anadzutsa mutu. Atatha anapempha madzi, anasamba m'manja kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga chipembedzo chawo chinenera. Nditayamba kupepesa anandidula: "Dothi ndi lambiri, mwana wanga. Mawa akakana kudya usabaye usanaimbire adokotala." Amayi, sindidziwa kuti ndikupatseni chiyani. Ngakhale m'mwezi wa Ramadani, muli pa swaumu, dzuwa likuswa mtengo, 6 koloko madzulo munkabwera ndi kabotolo musanamasule. Mulungu amene tonse timamupempha akusungireni maso anu ndi miyendo yanu, shuga wanu asakuvuteni, adzukulu anu adzakusamaleni momwe mwasamalira chiweto cha mwini.

Ana anga, inunso zikomo. Mwaphunzira kusasuntha mipando, kubwezera mtondo pamalo pake, kuvundikira chitsime nthawi zonse, ndi kumuyankhula musanamugwire kuti asadzidzimuke. Wamng'ono uja ndiye anaganiza zondimangirira kabelu ka mbuzi pa patapata kuti Limba azidziwa komwe ndili, moti pano pamudzi ponse amandimva ndikamapita kumjigo. Mawu atatu akuwamva bwino tsopano: "pang'ono", "kwera", "tsika". Chovuta chinali kuletsa ana a m'mudzi kumuponyera mandasi ndi zitumbuwa. Amadya kawiri basi, mbale yomweyo, muyezo womwewo, ndipo pakati pake angayang'ane mwachisoni bwanji ndi maso oyerawo, sapatsidwa kanthu.

Malemu bambo anamutcha Ukaziputa Limba pofuna kulasa anthu ena amene ankatibera nkhuku, ife n'kumangoti Limba. Miyezi 6 iyi dzinalo lakhala ngati likunena ine.

Madzulo ano ndinapita kuseri kukawauza amayi zimene a dokotala anena. Limba ananditsatira kabelu mpaka pakhonde lawo, n'kukagona pamalire amene anamuphunzitsa okha, osaponda mkeka wawo. Anamvetsera zonse, anati alhamdulillah, kenako anatsegula firiji n'kukweza kabotolo ka ulusi wofiira pa kuwala. Ati katsala ka masiku 9. Ndiye ngati alipo wobwera kuchokera ku Lilongwe sabata yamawa amene ali ndi kabokosi ka ayezi, chonde andiimbire.