Wapansi m'chigwa cha Wye: pamene ndafika pa ulendo wa malinga

Mwezi wa Malichi adokotala atandiyeza BP anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka n'kufunsa ngati ndimayenda. Ndinati ee, kuntchito usiku wonse ndimakhala chiimire. Iwo anati kumeneko si kuyenda ayi. Ndinatuluka mtima ukuwawa pang'ono, poti ine ndi mwana wa ku Dedza amene anamaliza pulayimale yonse akupondaponda fumbi m'mawa ndi masana, kuchigayo n'chimodzimodzi. Koma kwathu munthu sayenda popanda kopita. Ukamangozungulira m'tchire wopanda khasu kapena nkhwangwa paphewa, anthu amayamba kunong'onezana kuti mwana wa uje zayamba.

Lero ndine amene ndikuchita zomwezo, ndipo ndikuzilemba. Njira imene ndasankha kuno ku Britain ndi Wye Valley Walk, yotalika makilomita 219. Imayambira ku Chepstow, kumene mtsinje wa Wye umathira mumtsinje wa Severn, n'kukathera kumapiri a Plynlimon ku Wales kumene mtsinjewu umachokera. Chizindikiro chake pamitengo ndi pamageti ndi kansomba ka salmon kodumpha. Ine ndimakhala ku Newport, choncho sitima imanditula ku Chepstow tiyi wa m'fulasiki asanazizire. Ndikuidula pang'onopang'ono, Loweruka limene sindili pa shifiti. Pofika pano ndapita kanayi, ndipo foni yanga yawerenga makilomita 53, kuphatikizapo amene ndinasochera.

Ulendo woyamba, Epulo: Chepstow mpaka Tintern

Ndinataya maola awiri ndisanayambe n'komwe kuyenda, chifukwa cha linga la Chepstow. Ndikuti linga poti mawu ena sindikuwapeza, koma musaganize za mpanda wa mitengo. Ili ndi la miyala yokhayokha, latambalala pamwamba pa phompho, mtsinje uli pansi. Analiyamba mu 1067 ndi William FitzOsbern, patangotha chaka chimodzi Anormani a ku France atalanda England. Mkati asungamo zitseko zake zakale zamatabwa, za zaka zoposa 800. Ndinaima pamenepo n'kukumbukira chitseko chimene ndinagula kwa kalipentala wina ndikumanga kumudzi, chimene chinapindika dzinja loyamba lomwelo. Nsanja ina imatchedwa ndi dzina la Henry Marten, mmodzi mwa amene anasainira kuti mfumu Charles I iphedwe mu 1649. Ufumu utabwerera anamutsekera mmenemo mpaka anafa mu 1680.

Ndikufika m'mawa, pansi pa linga panali matope okhaokha, madzi ali kamzere pakati. Pamene ndinkanyamuka mtsinje unali utayamba kudzaza, madzi akuyenda chokwera mtunda. Ndi nyanja imene imawakankha kawiri patsiku, ndipo pa Chepstow kusiyana kwake nthawi zina kumaposa mamita khumi. Munthu wozolowera Linthipe sangamvetse msanga.

Kuchoka apo njira imalowa m'nkhalango ya Piercefield. Pansi ponse panali adyo wam'tchire, fungo ngati kukhitchini, ndipo pena njira imaboola thanthwe, pamalo otchedwa Giant's Cave. Chikwangwani china chinandikhazika pansi. Tinjira timeneti anatikonza ndi Valentine Morris m'zaka za m'ma 1750, ndi chuma cha minda ya ku Antigua yolimidwa ndi akapolo. Mu 1802 malowa anagulidwa ndi Nathaniel Wells, wobadwira ku St Kitts, bambo ake mzungu mwini minda, mayi ake kapolo wachikuda. Mu 1818 anakhala High Sheriff (woimira mfumu pa za malamulo) wa chigawo cha Monmouthshire, munthu wakuda woyamba kukhala pa udindo wotero mu Britain. Ndinayamba kunyadira, kenaka n'kuzindikira kuti nayenso chuma chake chinali cha akapolo omwewo, amene anawalandira ngati cholowa. Tsiku lonselo munthu wakuda wina amene ndinakumana naye m'nkhalangomo anali iyeyo, pachikwangwani.

Masitepe a ku Wyndcliff amawatchula kuti 365, koma amene anawerenga amati safika. Ine ndinasiya kuwerenga pa 140, ndili wefuwefu, mtima ukugunda m'makutu. Gogo wina wachizungu wa ndodo ziwiri anandipitirira n'kundiuza kuti ndatsala pang'ono. Linali bodza. Koma pamwamba, pa Eagle's Nest, ukaona mmene mtsinje wakhotera kuzungulira minda ya Lancaut, ndi milatho ya pa Severn chapatali, umamukhululukira. Ku Tintern ndinafika miyendo ikunjenjemera, nsapato za jimu zitasanduka zigulumwa za matope. Mabwinja a nyumba ya amonke ya pamenepo, imene inayamba mu 1131 n'kutsekedwa ndi Henry VIII mu 1536, ndinangowaonera kunja. Makoma ndi mazenera ali chilili, denga palibe. Makilomita 11.

Wachiwiri, Meyi: Tintern mpaka Monmouth

Uwu sindikambapo zambiri. Mvula inayamba ndili ku Brockweir, ndinasochera pamwamba pa Llandogo chifukwa chotsatira anthu m'malo motsatira kansomba, ndipo mabuti atsopano anandipatsa matuza awiri. Cholakwa changa: ndinawavala koyamba tsiku lomwelo. Ndinaoloka pa mlatho wakale wa njanji kulowa Redbrook ndikutsimphina. Linga la Monmouth, kumene kunabadwira mfumu Henry V, latsala zipupa zochepa chabe, ndipo likanakhala lokhalo ndikanadandaula. Chokoma ndi mlatho wa pa mtsinje wa Monnow, wa zaka za m'ma 1200, umene uli ndi nsanja ya chipata pakati penipeni. Mu Britain monse watsala wokhawo wotero. Basi yomaliza inandisiya chifukwa chojambula mlathowo, ndipo ndalama ya takisi sindinaiulule kunyumba. Makilomita 19.

Wachitatu, Juni: Monmouth mpaka Symonds Yat

Mwana wanga wamkazi anati anditsatira, kuti akaone chimene chikuwachotsa adadi pa sofa. Chigawo ichi n'chofewa, chambiri n'chotsata gombe. Pa Biblins pali mlatho wolendewera pa zingwe umene umagwedezeka ukaponda. "Adadi, musathamange, mutigwetsa!" Chonsecho ndinali nditagwira waya ndi manja onse awiri. Ku Symonds Yat kuli bwato loolotsa anthu lopanda injini ndi nkhafi zomwe. Woyendetsa amangokoka chingwe chimene chamangidwa tsidya ndi tsidya. Tinakwera kupita ndi kubwerera popanda chifukwa. Titakwera pa Yat Rock tinapeza anthu a makina oonera patali akudikira akabawi amene amaswera m'matanthwe a pamenepo. Bambo wina anatibwereka ake. Mwanayo anaona mbalame, ine ndinaona thanthwe. Makilomita 10, opanda linga ngakhale limodzi, koma ndi tsiku limene ndinabwerako wosatsimphina.

Wachinayi, sabata yatha: Symonds Yat mpaka Goodrich

Apa ndiye pamene ndinkafuna kufika chiyambire. Njira imazungulira ndi mtsinje kudutsa Welsh Bicknor mpaka Kerne Bridge, ndipo kuti ukafike kulinga umapatuka n'kukwera kamtunda. Theka la ulendowu ndi m'minda ya anthu, ndipo ichi sindinachizolowerebe. Umatsegula geti la mwini, n'kudutsa pakati pa ng'ombe zake, iye ali pathirakitala n'kungokukwezera dzanja. Lamulo la kuno limati njira ya anthu ikadutsa m'munda, mwini sangaitseke. Ulendo woyamba ndinkayenda mwakabisira ngati wakuba mbuzi. Pano ndimangoonetsetsa kuti geti ndalisiya mmene ndinalipezera, ndipo ng'ombe zikakhala ndi ana ndimazilambalala.

Goodrich ndi linga limene linandiphunzitsa kuona. Ku Chepstow ndinkangoti ha, kukula kwake. Kuno ndinayamba kufunsa kuti chifukwa chiyani pano. Ukakwera nsanja yapakati, imene ndi ya zaka za m'ma 1100, masitepe ake opota ndi opapatiza moti chikwama ndinachivula, umaona yankho pansi: pamenepo panali pooloka mtsinje. Amene wagwira chitunda wagwira dooko, ndipo amene wagwira dooko ndiye amanena woti adutse ndi woti abwerere. Ndipamene ndinakumbukira kuti Chepstow nayo yakhala pakamwa pa mtsinje, ndipo Monmouth ili pamene Monnow ikumana ndi Wye. Onsewa ndi alonda a m'malire a England ndi Wales. Mawu akuti linga akuyeneradi, poti nakonso kwathu Linga la ku Nkhotakota silinakhale pamenepo mwangozi, linali pa dooko la ngalawa za a Jumbe.

Makoma ofiira ozungulira nsanjayo anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, nthawi ya William de Valence, ndipo ngalande yake anaisema m'thanthwe lenilenilo. Linakhala choncho mpaka 1646, pa nkhondo ya pachiweniweni. Asilikali a mfumu, motsogozedwa ndi Sir Henry Lingen, anadzitsekera mkati. A nyumba ya malamulo, pansi pa Colonel John Birch, ataona kuti makoma sakugonja anasulitsa mzinga wawo pafupi pomwepo n'kuutcha Roaring Meg. Chipolopolo chake chimodzi chinkalemera makilogalamu oposa 80, kuposa thumba ndi theka la chimanga. Nsanja ina itagumuka, a mkatiwo anagonja mu Julayi chaka chomwecho. Mzingawo uli m'bwalo la lingalo lero, wamfupi, wonenepa ngati mtondo. Ana amaulowetsa mitu kukamwa makolo akujambula.

Ndinadyera mbatata yanga yootcha pamenepo, nditatsamira khoma. Kunena zoona, pa malinga atatu amene ndaona, ndikanati ndisankhe limodzi lotengerako mlendo wochokera kumudzi, ndi Goodrich. Chepstow ndi yaikulu koma ili m'tauni, magalimoto ali pakhomo. Goodrich umaifika utatuluka thukuta, ndipo umaiona mmene ankaionera munthu wobwera wapansi. Makilomita 13.

Chimodzi chokha chinandidetsa nkhawa. Pa Kerne Bridge madzi anali obiriwira, osaoneka pansi. Msodzi wina wachikulire anandiuza kuti ali mnyamata ankaona miyala ya pansi ndi nsomba zomwe. Nkhani ya ndowe za nkhuku za m'mafamu akuluakulu ndi zonyansa za m'mipope zimene zikulowa mu Wye ndi yodziwika kuno, ili m'manyuzi kawirikawiri. Salmon ya pachikwangwani ija sindinaionepo yamoyo.

Za thupi: BP yatsika, ngakhale mapiritsi sindinasiye, ndipo lamba ndabwezera bowo limodzi. Bondo lakumanzere limadandaula potsika, osati pokwera. Ndodo ziwiri zija ndinkaseka nazo agogo aja ndaitanitsa, zifika Lachinayi. Ndaphunziranso kuvala masokosi awiri, kulowetsa buluku m'masokosi podutsa m'maudzu chifukwa cha nkhupakupa, ndi kujambula ndandanda ya mabasi ndisanayambe kujambula milatho.

Linga la St Briavels ndinalidumpha poti lili pambali pa njira, pamwamba pa chitunda tsidya la England. Kale ankasulirako mivi ya asilikali a mfumu, pano ndi malo ogona apaulendo. Ndikufuna ndikagonemo usiku umodzi mu Ogasiti. Mayi a kunyumba nditawauza anati, "Abambo, inu mulipire ndalama kuti mukagone m'bwinja?" Koma dzulo ndawapeza akufunsa mwana saizi ya mabuti ake. Chigawo chotsatira ndi Kerne Bridge mpaka Ross-on-Wye, Loweruka la mawa lino ngati sandiitana kuntchito.