Petulo wogonera pa mzere anathera pa malaya

Abale inu YouTube ija ndi mfiti. Ka Corolla kanga ka AE100 kanayamba kunjenjemera ngati kali ndi malungo, kumazima pa roboti paliponse, makaniko atayang'ana akuti manifodi, chipaipi cholowetsa mpweya mu injini, yang'aluka ikuyamwa mpweya wakuba. Ndinathamangira ku Ndirande, mnyamata wina nkundigulitsa ina akulumbira kuti "bwana iyi ingolowa ngati sokosi."

Ku injini inalowadi. Nkhani inali pa fuel rail, kapaipi kaja kamagawira petulo ku ma injekita anayi aja, mabowo a mabawuti ake sankakumana ndi a manifodi yatsopanoyo komanso inkakhala mopendekera. Makaniko atatchula mtengo ndinaseka, ndinati ndalama imeneyo ndi matumba awiri a makala, ndipanga ndekha poonera pa YouTube.

Loweruka m'mawa ndinabwereka dirilo kwa aneba nkukuza mabowo aja mpaka anakhala ngati mazira. Timapulasitiki takuda timene rail imakhalapo tinafupika, ndiye ndinaunjika ma washa, uku atatu uku anayi, poti anali osiyana kunenepa ndipo ine ndimayeza ndi maso. Ma O-ring, timphira ta pa ma injekita toletsa petulo kudontha, ndinabwezera akale omwewo, ouma gwaa, osapakako ngakhale kadontho ka oyilo, ndinangokanikiza ndi bondo mpaka ndinamva kuti tse! ndinati eya wakhala ameneyo.

Tsono pa Toyota zakalezi ukalumikiza ndi kawaya timabowo tolembedwa FP ndi +B mu kabokosi ka diagnosis, kiyi ali pa ON, pampu imayamba kupopa injini isanalire. Ndinapinda kawaya, ndinauza mwana wanga kuti apotoze kiyi, ine nkuzika nkhope mu boneti ati kufuna kuona bwinobwino ngati pakudontha.

Sipanadonthe ayi. Panathovoka. Mu paipi imene ija mumakhala pafupifupi 3 bar, kuposa mpweya wa mu tayala, ndiye petulo anandipeza pa chipumi, m'mphuno, mpaka m'thumba la malaya. Ndipo uyu ndi petulo amene ndinamugonera pa mzere usiku wonse udzudzu ukundidya!

Ndikukuwa "zimitsa! zimitsa!" mwana uja mwamantha anayatsa ma waipa. Mayi akunyumba anali chapafupi pompo akuwotcha chimanga, ndinangomva "Abambo inu mutipha!" anyamula mbaula ndi chitenje liwiro la kuseri kwa nyumba, chimanga chili mbwee, nkhuku zikuchita phwando. Aneba aja ndi awo akubwera kudzatenga dirilo yawo, ndudu ili pakamwa, "zikuyenda achimwene?" Sindinathamangitsepo munthu wamkulu chiyambire koma tsiku limenelo ndinawapirikitsa ndi sipanala mpaka pa geti, maso ndili chitsinzire.

Nditasukusula ndi sopo wochapira ndinaimbira makaniko uja. Anaseka kaye mpaka mayunitsi anga anatsala pang'ono kutha, kenako akuti injekita inalowa mokhota yadula O-ring, ndikagule atsopano onse ndipo ma washa angawo ndikasungire pa wilibala. Mtengo wake unali utakweranso, akuti poti ndaononga mabowo.

Ndinasintha malaya, ndinasamba kawiri, nkukwera minibasi ya ku tauni. Anthu anayamba kutsegula mawindo mmodzimmodzi, gogo wina kutseka mphuno ndi mpango. Dalaivala anandiyang'ana pa galasi nthawi yaitali, kenako anatsitsa wailesi nkufunsa motsitsa mawu, "Akulu, tiuzeni zoona, akupezeka pa filling station iti?"