Loweruka ku Cootehall

Lero ndakwera sitima ya m'mawa yopita ku Sligo pa siteshoni ya Connolly mu Dublin, n'kutsikira pa Carrick-on-Shannon. Mnzanga wa kuntchito, yemwe kwawo n'komweko, wanditenga pagalimoto mpaka ku Cootehall, kamudzi ka m'boma la Roscommon, ku Ireland. Kamvula kanali kuwaza tsiku lonse.

Ndimafuna kuona nyumba yakale ya apolisi, pafupi ndi mtsinje wa Boyle, momwe anakuliramo mlembi John McGahern. Mayi ake, omwe anali mphunzitsi, atamwalira ndi khansa mu 1944, iye asanakwanitse zaka 10, iye ndi abale ake anasamukira kuno kwa bambo awo, sajeni wa polisi, munthu wa dzanja lolemera. Nyumbayo ndi yaing'ono kuposa momwe ndinkaganizira. Mwana akanathawira kuti m'menemo?

Buku lake lachiwiri, The Dark, linatuluka mu 1965 ndipo boma linaliletsa. Ntchito yake ya uphunzitsi mu Dublin inathera pomwepo, akuluakulu a mpingo wa Katolika atalowererapo. Anakakhala ku England, koma patapita zaka anabwerera, n'kugula munda ku Leitrim, n'kumaweta ng'ombe pakati pa anthu omwewo amene ankawalemba. Anamwalira mu 2006, ndipo anaikidwa ku Aughawillan pambali pa mayi ake.

Tikudya masana m'tauni, ine ndi mnzangayo tatsutsana kwambiri za Amongst Women, buku la McGahern la mu 1990. Muli Moran, yemwe anamenya nkhondo ya ufulu wa Ireland, koma dziko litamasuka sanapezemo malo, ndiye ukali wonse anaubweretsa pakhomo. Madzulo aliwonse amagwaditsa banja lonse kuchita korona. Akalowa m'nyumba, mkazi wake Rose ndi ana amayamba ayang'ana nkhope kuti adziwe ngati lero kuli bata. Mnzangayo akuti Moran ndi chilombo basi, ndipo agogo ake aamuna anali otero.

Ine chimandipweteka ndi china. Ana aakazi atatu a Moran atakula, ena ali ku Dublin wina ku London, amabwerabe kumudzi mwakufuna kwawo, namamuteteza, namanyadira kuti ndi a kwa Moran. Mantha ndi chikondi zinalukana ngati nkhata, moti ngakhale eni akewo sangazimasule. McGahern sawaseka, komanso sawatsuka bamboyo. Ndicho chifukwa chake ndimamukhulupirira. Munthu amene anamenyedwapo m'nyumba ija akanatha kulemba mobwezera, koma iye analemba moona.

Mnzanga amaima ndi Luke, mwana woyamba, amene anapita ku London n'kukana kubwerera. Nanenso sindimuweruza Luke. Koma sindingavomere zoti alongo ake anali opusa. Iwo ndi amene anasunga banja lija, ndipo mtengo wake ankaudziwa bwino.

Ku Aughawillan sitinafike, kunayamba kuda. Tagwirizana zodzapitako nyengo yotentha ikafika, ndipo mnzangayo walonjeza kuti adzakhala atawerenganso bukulo kuti tidzamalize mkangano.