Multimeter ikalira sindiye kuti waya ali bwino

Sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuloweza kayezedwe ka ring (waya wa magetsi wozungulira masoketi a m'nyumba) ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Pa mayeso ndimalemba r1, rn ndi r2 (resistance ya live, ya neutral ndi ya earth) n'kukhoza, koma munthu akanandifunsa chifukwa chake timayeza motero ndikanangoti ndi mmene notsi zikunenera. Zinalowa m'mutu Lachiwiri lapitali, m'nyumba ina ku Chilomoni komwe tinapita ndi amisiri amene ndikuchita nawo attachment.

Mayi a m'nyumbamo ankadandaula kuti soketi ya kukhitchini imanunkha pulasitiki akayatsa ketulo. Titazimitsa main switch n'kutsimikiza kuti moto mulibe, ndinatsegula soketiyo n'kupeza sikuluwu ya live ili lendelende, waya atada bii. Ndinasintha soketi, ndinayenda m'zipinda zonse ndi waya wautali wochokera ku DB (bokosi la ma breaker), ndipo paliponse multimeter inalira. Ndinayamba kulongedza zida. Amisiri anangoti, "Iwe, masula miyendo iwiri yonse ya ring pa breaker, uyeze nsonga ndi nsonga."

Neutral inapereka 0.30 ohm. Earth inapereka 0.49. Live sinapereke kanthu, sikirini inangolemba OL, kusonyeza kuti wayayo waduka penapake.

Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu. Ring imachoka ku DB, kuzungulira nyumba, n'kubwereranso pa breaker yomweyo, ndiye soketi iliyonse ili ndi njira ziwiri zolandirira moto. Waya akaduka pakati, masoketi onse amagwirabe ntchito, ena akudyera kumanja, ena kumanzere. Mwininyumba sangadziwe. Multimeter yanga nayo sinadziwe, chifukwa miyendo yonse inali idakali pa breaker ndipo kulira kuja kunkangodzera mbali yosaduka. Pamenepo waya wa 2.5 mm² amene anayenera kugawana katundu ndi mnzake wasenza yekha, pamene breaker ya 32A inasankhidwa poganiza kuti alipo awiri. Waya angatenthe mkati mwa khoma, breaker ili phee.

Chimene ndinagwira tsiku limenelo n'chakuti continuity (kulumikizana kwa waya kosaduka) ndi nambala, si phokoso. Ma multimeter ambiri amalira ngakhale pali ma ohm makumi angapo. Tiyerekeze earth yachita dzimbiri pa joini n'kufika 10 ohm. Idzalira bwinobwino. Koma live ikakhudza chitsulo cha friji, 230V pa 10 ohm ndi 23A basi, ndipo breaker ya B32 (32A, mtundu wa B) kuti igwe nthawi yomweyo imafuna mpaka 160A. Sigwa. Friji ikhala ndi moto kudikira dzanja la mwana. N'chifukwa chake chida choyenera chimakankha 200mA ndipo timayamba tachotsera resistance ya zingwe zake zomwe. Ngakhale 1.67 uja amene ndinkangomuloweza wapeza tanthauzo: earth ya 1.5 mm² ndi yopyapyala kuposa live ya 2.5 mm², choncho resistance yake imakhala yochuluka ka 1.67, ndipo poti 0.30 kuchulukitsa ndi 1.67 ndi 0.50, 0.49 uja akundiuza kuti earth yazungulira njira yonse popanda joini yofooka. Ndipo poti waya wa 2.5 amapereka 7.41 milliohm pa mita, 0.30 ija ikutanthauza ring ya mamita pafupifupi 40. Nambala imodzi, utali wa waya wobisika m'khoma!

Podukapo tinapapeza ndi njira yodula pakati, ndipo ine pano sindikufunanso kumva za njira ina. Ku DB timalumikiza live ndi neutral pa mwendo uliwonse, n'kupita pa soketi ya pakatikati, kulekanitsa mawaya, kuyeza mbali iyi ndi iyo. Mbali yomwe yakana, timaidulanso pakati. Masoketi analipo 12, tinatsegula atatu okha, wachinayi kuseri kwa wadirobu ndiye tinapeza waya wofiira atavuka pa terminal. Ndikuona ngati palibe waya woduka pa ring amene angaithawe njira imeneyi.

Chimandiwawa n'chakuti izi zikanatheka kumveka kalekale. Ring imene timamanga pa bolodi ku workshop sikwana mamita atatu, ndiye chilichonse chimawerenga pafupifupi ziro ndipo palibe chophunzirapo. Chida chenicheni chilipo chimodzi kalasi yonse, umachigwira mphindi ziwiri mnzako ali kale pambuyo. Aphunzitsi amalemba (r1 + r2) ÷ 4 pa bolodi, ukafunsa kuti 4 akuchokera kuti amati nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Bwenzi atangomasula waya mmodzi mobisa n'kutiuza kuti timufufuze. Tsiku limodzi lokha likanakwana.

Sikuti zonse zayera. Titakonza tinalumikiza live ya mwendo uliwonse ndi earth ya mwendo winawo ku DB n'kuyeza soketi iliyonse. Pafupifupi onse anapereka 0.20 monga masamu a (r1 + r2) ÷ 4 akunenera, koma ya pakhonde inapereka 0.27. Amisiri anati ndi spur (nthambi yochoka pa ring) osatsegula n'komwe. Ine ndikanati ndi joini yofooka. Anasiyanitsa bwanji? Ndipo m'nyumba zakale za conduit yachitsulo, momwe earth ili ndi njira zina zobwererera, nambala yotsika ndingaikhulupirire mpaka pati? Loweruka tikupita ku nyumba yotero, mwina ndikaona ndi maso.