Chitini cha ku Glasgow

Pa 24 Januwale 2025 mphepo yamkuntho yotchedwa Éowyn inaimitsa mzinda wonse wa Glasgow, ku Scotland. Masukulu anatsekedwa, sitima sizinayende, ndipo pa wailesi ankangobwereza kuti Ireland ndi Scotland "will bear the brunt". Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino: mavuto akagwera anthu ambiri, inuyo ndi amene amakugwerani kwambiri kuposa onse. Ndinkayenda modzikweza, kudziona kuti Chingerezi ndachimaliza.

Kukhitchini ya hotela imene ndimagwirako ntchito magetsi anazima, ndipo wina anasiya chitseko cha firiji yaikulu chili pululu usiku wonse. Munthuyo mpaka lero sadziwika, ngakhale ine ndili ndi amene ndimamuganizira. Pofika m'mawa fungo la nsomba linkatilonjera tili panja.

Abwana anatisonkhanitsa nkhope ili gwa. Chingerezi cha ku Glasgow chimatuluka mawu atamezedwa theka, ndiye ine ndinangotola kumapeto: "Somebody has to carry the can."

Anzanga onse zyoli. Ine ndinadabwa ndi ulesi wotere. Chitini chokha? Ine amene ndinakula ndikusenza matumba a kachewere pa Tsangano? Ndinakweza dzanja.

"Me, sir. I will carry it."

Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati athokoza kwambiri chifukwa cha chilungamo changa. Ndinamwetulira, ndithu. Ndinathamangira kuchipinda chosungira katundu, ndinapeza chitini cha mafuta ophikira cha malita 20, ndinachiika pamutu popanda nkhata, n'kubwera nacho pakati pa anthu.

"Where do I put it, sir?"

Mnyamata wina wa ku Poland anathawira kunja atagwira pakamwa. Mayi wina wa ku Zomba, amene amatsuka mbale, anandikoka malaya.

"Achimwene, tsitsani chinthucho. Mukudziwa chimene mwavomera?"

Anandiuza monong'ona kuti kuno munthu akati "carry the can" sakunena za chitini ayi. Akufuna woti asenze mlandu, kaya ndi wake kaya ndi wa ena. Ine ndinali nditauza hotela yonse kuti firiji ndinasiya yosatseka ndine.

Nditawafotokozera abwana, anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma ataona kuti palibe wina wodzipereka, anandipatsa magolovesi, ndowa ndi sopo. Nsomba zovunda ndinatulutsa ndekha, mashelefu ndinakwecha ndekha. Madzulo m'basi munali modzaza, anthu ena ataimirira, koma mpando wa pambali panga palibe anaufuna.

Tsiku lotsatira mayi a ku Zomba aja anandipeza ndikusenda anyezi.

"Achimwene, kuno alinso ndi mawu ena akuti 'left holding the baby', kukusiyira mwana m'manja, kutanthauza kukusiyira udindo ena atathawa. Chonde, abwana akadzatchula mwana, manja anuwo akhale m'thumba."