Kuthetheka kwa mawu m'situdiyo yanga ya ku Chilenje

Chipinda chomwe ndimajambuliramo nyimbo chili kuseri kwa nyumba yathu ku Chilenje. Kale tinkasungiramo makala. Ndinakhoma matiresi akale ndi mabulangete m'makoma, n'kuikamo tebulo, laputopu, maikolofoni awiri ndi kabokosi kofiira ka Focusrite kamene kamalowetsa mawu m'kompyuta.

Loweruka lina kunabwera amayi asanu ndi atatu a chigwirizano ochokera ku mpingo kwathu. Wotsogolera nyimbo anali agogo ena a ku Katete, amene akangoyamba kuimba anthu amasiya zimene akuchita. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, choncho laputopu inali pa batire. Anaimba bwino kwambiri ulendo woyamba womwe. Koma titayamba kumvetsera, pansi pa mawu awo pankamveka the, the, the, ngati chimanga m'chiwaya. Agogo aja anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kundifunsa kuti, "Mwanawanga, kodi ndi pakhosi pangapa?" Ndinawayankha kuti, "Ayi agogo, mwaimba bwino, ndi makinawa." Zinandipweteka mtima, chifukwa ena mwa amayiwo anasiya malonda awo pamsika kuti abwere.

Ndinayamba ndakayikira nthambo, kenako maikolofoni. Zonse zinali bwinobwino. Vuto linali m'mene ndinasiyira Windows, mmene inabwerera pogula.

Kompyuta silandira mawu ngati madzi oyenda m'paipi. Imawatunga pang'onopang'ono, m'tizidebe timene timatchedwa buffer. Ndikajambula pa 48 kHz (tizidutswa ta mawu 48,000 pa sekondi iliyonse), buffer ili pa tizidutswa 128, kadebe kalikonse kamadzaza pasanathe mamilisekondi 3. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikachedwa kukakhuthula ngakhale kamodzi, pamatsala kampata, ndipo kampatako ndiko kamamveka kuthetheka. Tsono laputopu ikakhala pa batire, Windows imachepetsa liwiro la purosesa kuti moto ukhalitse. Kwa munthu wolemba makalata muofesi zimenezi n'zothandiza ndithu. Kwa ine, amene malaiti amandithawira pakati pa nyimbo, ndi pamene panagona nkhani.

Ndinalowa mu Power Options, pomwe Windows imasinthira kagwiritsidwe ntchito ka moto, n'kusankha High performance. M'kati mwake ndinakweza Minimum processor state kufika pa 100, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya: pali mizere iwiri, wina wa pamagetsi, wina wa pabatire. Muyenera kusintha yonse. Ndinazimitsanso USB selective suspend, imene imagoneka madoko a USB ikaona ngati sakugwira ntchito. Kabokosi ka mawu sikafunika kugona.

Kuthetheka kunachepa koma sikunatheretu. Mnzanga wina amene amapanga mabiti ku Matero anandiuza za LatencyMon, pulogalamu imene imaonetsa driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo m'kompyuta) amene akugwira purosesa nthawi yaitali. Nditaisiya kwa mphindi khumi inaloza driver wa Wi-Fi. Driver ameneyu amangofufuzafufuza netiweki, ndipo mawu amayamba adikira kaye. Chichokereni tsiku limenelo, woimba asanalowe ndimaika laputopu pa Airplane mode. Zimathandizanso kuti Windows Update isayambe kukoka zinthu tili pakati pa ntchito.

Za ASIO ndinkazidziwa kale koma sindinkasamala. Ndi njira imene anapanga a Steinberg, eni ake a pulogalamu yojambulira nyimbo ya Cubase, yoti pulogalamu yojambulira izilankhulana mwachindunji ndi kabokosi ka mawu osadzera m'chosakanizira cha Windows. Ikani driver wa ASIO wochokera kwa amene anapanga kabokosi kanu. Pojambula ndimasiya buffer pa 128 kuti woimba azidzimva nthawi yomweyo. Posakaniza mawu ojambulidwa kale ndimaikweza pa 1024, pomwe kuchedwa kumapitirira mamilisekondi 21. Woimba sangapirire zimenezo m'makutu, koma posakaniza palibe amene akuimba, ndipo purosesa imapeza mpata wonyamula mapulagini ambiri, timapulogalamu tokometsera mawu.

Timabelu ta Windows ndinatizimitsa tonse posankha No Sounds. Ambiri amalimbikitsanso kusintha Processor scheduling kupita pa Background services. Ndinasintha, koma kunena zoona makutu anga sanamve kusiyana kulikonse.

Mtengo wake ulipo. Batire tsopano limatha msanga kwambiri ndipo fani imalira, moti laputopu ndimaiika pampando kunja kwa bulangete lotchinga khomo, kutali ndi maikolofoni. Malaiti akapita, ndimauza oimba kuti tiyeserere nyimbo kaye laputopu ili yozima, tiziyatsa pokhapo tikakonzeka.

Amayi aja ndinawaitananso patapita milungu iwiri, ndipo sindinawalipiritse. Malaiti anali atapitanso. Agogo anaimba ndime zonse zinayi, kenako anamvetsera atatseka maso mpaka kumapeto. Atavula mahedifoni anandipempha kuti ndiike nyimboyo pa foni ya mdzukulu wawo, aitumize kwa achemwali awo ku Katete.