Thanki yathu inafa pa tsiku la 11

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo: kuwerenga maselo m'thanki imene timawaleramo kuti atipangire mankhwala, kuwadyetsa, kuyeza shuga ndi lactate (asidi amene maselo amatulutsa), ntchito ya masiku onse. Maselo athu a CHO (ochokera ku kanyama kotchedwa hamster) ankatulutsa antibody (puloteni yolimbana ndi matenda, yathuyi ya khansa) mosangalatsa, ndipo tinkangodikira tsiku la 14 kuti tikolole.

Lachitatu usiku ndinali ndekha pa shifiti, poti mnzathu amene anasiya ntchito mpaka pano sanalowedwe m'malo. Pakati pa usiku okosijeni m'thankimo anayamba kutsika mwadzidzidzi, pH nayo ikugwa, kusonyeza kuti asidi akuchuluka. Sampulo imene ndinatunga inali yambuu. Nditaiika pa maikulosikopu ndinaona timizere ting'onoting'ono tili yakaliyakali pakati pa maselo athu. Mabakiteriya. Mtima unangoti myuu. Selo la CHO limatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti ligawikane, pomwe bakiteriya zimamukwanira mphindi 20 kapena 30. Kunja kukucha n'kuti zonse zitawonongeka.

Analowera pa labala yakutha ya pavalavu yotungira sampulo. Labala imeneyi ndinailembera lipoti kawiri konse, ndipo kawiri konseko ndinauzidwa kuti ndidikire bajeti.

Chomwe chinandiwawa kwambiri chinachitika pamsonkhano wa Lachinayi. Za labala sanazitchule n'komwe. Abwana anangofunsa kuti bwanji osasiya CHO n'kumapangira antibody mu bakiteriya ya E. coli kapena yisiti, poti n'zotchipa komanso zimakula msanga. Ndinawayankha mwaulemu koma manja akunjenjemera. E. coli sayika timashuga tofunika pamalo otchedwa Asn297 a Fc, yomwe ndi mbali ya kumchira kwa antibody, ndipo popanda timeneti antibody yathu singaitane maselo a chitetezo cha m'thupi kuti aphe selo la khansa. N'chifukwa chake mankhwala amene amapangira mu E. coli ndi monga ranibizumab ndi certolizumab, omwe ndi zidutswa chabe zopanda Fc. Yisiti amayika timashuga inde, koma todzaza shuga wa mtundu wa mannose, tosiyana ndi ta munthu. Ngakhale maselo a mbewa ali ndi vuto lawo: mankhwala a cetuximab, opangidwa m'maselo a mbewa a Sp2/0, amanyamula shuga wa alpha-gal, amene matupi a odwala ena amadana naye koopsa. Sitinasankhe CHO chifukwa chokonda zodula.

Lachisanu tinapha zonse ndi nthunzi ya madigiri 121, kutsuka, n'kulemba malipoti mpaka msana kuwawa. Madzulo ndinatulutsa kabotolo kena ka maselo a CHO oundana mu nayitirojeni n'kukasungunula. Padutsa masabata angapo maselowa asanachuluke mokwanira kulowa m'thanki yaikulu, ndipo odwala akudikira. Labala yatsopano inafika tsiku lomwelo, itavomerezedwa m'mawa umodzi wokha.